Zolemera Pansi, Zopepuka Pamwamba

Alamu anga, amuna a achemwali anga, ndi kalipentala, ndipo m'dera lathu lonse palibe amene amawatchula dzina la pachiphaso. Ndi a Mashelefu basi. Dzinali sanalitenge kuntchito ayi, analipezera m'nyumba mwawo momwe, ndipo woyamba kuwatchula choncho ndine. Sindikupepesa.

Ndi munthu wamtali, woti babu amasintha ataima pansi. Anayamba kugwira pulena ali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo kuyambira pamenepo akhala akupanga zitseko, mabedi, madesiki a kusukulu ndi mabenchi a m'tchalitchi. Ntchito yawo ndi yolongosoka, izi ndivomere. Tebulo limene anandipangira nditangokwatiwa lidakali nji, pamene mwamuna amene ndinkadya naye patebulopo anatisiya kalekale. Koma alamu anali ndi nthenda imodzi, yosataya chinthu. Msomali wopindika ankauwongola ndi hamala n'kuuponya m'chitini. Zitinizo zinali ndi maudindo: cha misomali yowongoka, cha yodikira kuwongoledwa, ndi cha yokanika kuwongoka, imene ankati tsiku lina idzapeza ntchito yake. Kunalinso mahinjesi a nyumba zomwe zinagwetsedwa kale, maloko opanda makiyi, makiyi opanda maloko, ndi zidutswa za matabwa zoti ungawotchere njerwa uvuni wathunthu.

Achemwali nawonso tisawasandutse mngelo. Pa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu za banja anasunga mbale za paukwati zosadyerapo, mayunifolomu a ana awo amene lero ali ndi ana awoawo, makalendala akale chifukwa cha zithunzi zake, ndi nsalu zambirimbiri zodikira telala. Awiriwa anapezana.

Katundu akachuluka, ena amagawa, ena amataya. Alamu ankakhoma shelefu. Shelefu ikadzaza ankakhoma ina pamwamba pake, ndipo zosakwana pashelefu zinkakhala pansi m'makatoni, kudikira shelefu yotsatira. M'kolido yopita kuchipinda ndinkadutsa chammbali, mimba nditaikokera m'kati, koma ndinkatulukabe ndi fumbi pamsana.

"Alamu, nyumba ino tsiku lina idzakumezani," ndinkawauza.

"Iwe mlamu, muno mulibe chinyalala," ankayankha. Anandidziwa ndili kamtsikana, nchifukwa chake mpaka lero amandinena kuti iwe. "Muli zinthu zimene nthawi yake sinakwane."

Chakudza sichiimba ng'oma. Chaka chatha, m'mawa wina, achemwali akuyanika zovala pachingwe, anagwa. Inali sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo wamanja zinafa, ndipo mawu ankatuluka limodzilimodzi, movutikira. Anakhala m'chipatala masabata asanu ndi limodzi. Chakumapeto kwake mayi wa mafizo, amene ankawaphunzitsa kugwiritsanso ntchito ziwalo, anatiitana ine ndi alamu. Anati mutu wa achemwali uli bwinobwino, dzanja ndi mwendo wakumanzere n'zamphamvu, koma kuyenda ndiye ayi. Aziyendera chikuku, mpando wamatayala uja, ndipo aphunzira kale kuchiyendetsa okha ndi dzanja limodzi ndi phazi limodzi. Kenako anafunsa ngati kunyumba chikukucho chingayende kuchokera pakhomo kufika kuchipinda, kubafa ndi kukhitchini.

Ndinaseka, ngakhale sanali malo osekera.

"Mayi, m'nyumba mwawo ngakhale mphaka amayenda mobanika. Achemwali apita kwanga. Ndimakhala ndekha, chipinda chilipo, zitseko n'zazikulu."

"Apita kwawo," anatero alamu, osakweza mawu. "Mundipatse masiku khumi."

Pomwepo anatulutsa tepi m'thumba, paja sayenda opanda tepi ngakhale kutchalitchi, nayeza chikuku kuchokera tayala ili kufika tayala ilo. Anawonjezera zala zinayi mbali iliyonse kuti chigongono chisamakhule khoma. Atafika kunyumba anadula kathabwa ka muyeso womwewo. Njira yawo inali yachidule: kugwira kathabwako chopingasa, kuwerama, n'kuyenda nako nyumba yonse. Chilichonse chimene kagunda, chichoke panjira. Ana awo, amene amakhala kutali, anaimba foni kuti abwere kudzathandiza, alamu anakana. Anati ntchito ya muyeso sifuna manja ambiri.

Tsiku lachisanu ndi chinayi ndinapita nditanola kale lilime, koma linasowa ntchito. Pakhomo panali pokwerera chikuku, potsetsereka bwino. Chitseko cha kubafa anali atachikulitsa. Kolido inali mbee, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinadziwa kuti simenti yake ndi yofiira. Ndinayenda chowongoka, manja ndikugwedeza, osagunda kanthu.

"Alamu, mwataya ngolo zingati?"

"Ngakhale msomali umodzi," anatero, akuloza m'mwamba ndi chibwano.

Ndinakweza maso. Mashelefu atsopano khumi ndi anayi, ena ofika kudenga, onse odzaza. M'munsi mwa makoma anakhomamo timakabati topyapyala ta zitseko, tosadya malo a njira. Zonse zimene zinali pansi zinalipobe, zinangosamuka.

"Lamulo la ntchito yathu ndi limodzi," anandifotokozera monyadira. "Zolemera pansi, zopepuka pamwamba. Ukatembenuza, shelefu imakugwera pamutu."

Choncho zitini za misomali, maloko, zitsulo ndi matabwa olemera zinalowa m'timakabati ta pansi tija. Makapu, masamba a tiyi, shuga, zovala, ulusi ndi mabuku zinakwera. Ine, amene ndimadzitama kuti ndili ndi maso, sindinaone cholakwika chilichonse. Mayi wa mafizo alamu anamuonetsa zithunzi pafoni, naye anagwedeza mutu kuvomera. Ndinagonja, ndipo kugonja kumandiwawa, koma ndinawayamikira.

Achemwali anabwerera kwawo. Chikuku chinkayenda paliponse, chinkatembenuka pabalaza osagunda mpando. Masiku oyamba nyumba inadzaza alendo ndi chimwemwe. Alendo atachepa, mawu amene ankamveka m'nyumbamo anali amodzimodzi.

"Abambo... kapu."

"Abambo... chipeso."

"Abambo... magalasi."

Alamu ankathamanga ngati mnyamata amene wangokwatira kumene. Anasiya kulandira ntchito kuti azikhala pafupi. "Sasowa kanthu," ankandiuza. "Akangoti 'a', ine ndafika kale." Zinali zoona. Koma ndinayamba kuona kuti achemwali akuyankhula pang'ono kuposa mmene ankayankhulira kuchipatala. Ndinaganiza kuti ndi matendawo.

Lachiwiri la sabata yachitatu ndinafika masana, chitseko chili chotsegula. Alamu anali atapita kukatenga mankhwala, ndipo kumeneko anapeza mzere wautali. Achemwali ndinawapeza kukhitchini, mtengo wa mopu uli m'dzanja lamanzere. Ankafuna kukola chitini cha masamba a tiyi pashelefu, koma chimene chinagwa chinali cha shuga. Shuga anali pamiyendo pawo, m'matayala, pansi ponse. Sankalira ayi, ndipo bola akanalira, chifukwa nkhope imene ndinaiona inandilasa mtima kuposa misozi.

"Achemwali, bwanji osadikira?"

"Kudikira... ndatopa nako." Anapuma kaye. "Chipinda chija... chilipo?"

"Chilipo."

"Loweruka... udzanditenge."

Nditacheuka ndinaona alamu ataima pakhomo la khitchini, kapepala ka mankhwala kali m'manja. Anali atamva zonse.

"Mayi, ndalakwa chiyani?" anafunsa. "Chilipo chimene munaitanitsa ine n'kukukanizani?"

"Palibe," anatero achemwali. Mawu otsatira anawatenga nthawi, koma sanalole kuti wina awamalizire. "Muno... zonse ndimapempha. Kwa mng'ono wangayu... kupempha n'koyenera. Ndi kwa eni. Koma muno... ndi mwanga."

Ndinene zoona. Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Nyumba yanga ndi yaudongo, koma ndi yachete, ndipo ndinali nditaganiza kale za makatani a chipinda chija. Manyazi anabwera pambuyo, nditaona alamu akutenga tsache n'kuyamba kusesa shuga uja.

Amene amaganiza kuti a Mashelefu ndi munthu wokhala pansi n'kugwira tsaya sawadziwa. Mawa lake m'mawa anandiimbira foni kuti ndipite. Ndinapeza achemwali ali pabedi, alamu ali m'chikuku, mawondo atafika pafupi ndi chibwano. Dzanja lamanja anali atalilowetsa m'lamba kuti lisawathandize.

"Ndinayeza chikuku," anatero, "koma mwini wake sindinamuyeze. Ima apo uzionerera."

Anayenda nacho chikukucho movutikira, akugunda makoma, ndipo paliponse pamene dzanja lamanzere linafika ankatsegula. Kabati yoyamba m'khitchini, misomali. Yachiwiri, maloko. Ya kuchipinda pafupi ndi bedi, mahinjesi. Ya kubafa, zitini za penti wouma. Anatsegula makabati khumi ndi awiri, ndipo m'menemo munalibe ngakhale sipuni ya achemwali. Nkhani yake inali yoonekeratu, moti ndinadabwa kuti tonse atatu ndi mayi wa mafizo sitinaione. Zinthu za kalipentala n'zolemera. Zinthu za achemwali, kapu, chipeso, singano, buku la nyimbo, n'zopepuka. Lamulo lawo la ntchito linapereka pansi ponse kwa munthu wamtali, n'kukweza za munthu wokhala pampando kudenga.

Anadzuka, n'kukanyamula achemwali kuwakhazika m'chikuku. Kenako anawapatsa choko chimene amalembera matabwa.

"Mayi, dzanja langa n'lalitali, lingatinamize. Kwezani lanu pamene likufika osavutika, choko chigunde khoma. Ine ndizikankha."

Anazungulira nyumba yonse chotero, pabalaza, m'kolido, kuchipinda, kubafa, kukhitchini. Kumbuyo kwawo kunkatsala mzere woyera wokhotakhota. Ine unkandifika pachifuwa, alamu unkangowapitirira pang'ono palamba.

"Chilichonse chimene mayi amagwiritsa ntchito chitsike pansi pa mzerewu," anatero.

"Ndiye zanuzo zikwere pamwamba," ndinatero ine.

"Zolemera sizikwera. Zingawagwere."

"Nanga zipita kuti?"

Anayang'ana makabati aja nthawi yaitali ndithu. "Panja," anatero.

Kwa zaka zonse zimene ndinkawanyoza, ndinkaganiza kuti tsiku lotaya likadzafika padzakhala maliro. Sizinatero. Anaigwira ngati ntchito ina iliyonse, pensulo ili kukhutu. Pabwalo anaika milu itatu: wa akalipentala anzawo a kumsika, wa anthu otola zitsulo, ndi wa kudzala. Zitini sankazitsegula.

"Simuyang'anamo kaye?" ndinafunsa, chifukwa ngakhale ine zinayamba kundimvetsa chisoni.

"Ndikatsegula sichipita. Nyamula."

Anaima kamodzi kokha, pa chopanira matabwa chachitsulo chimene anawasiyira mmisiri amene anawaphunzitsa ntchito. Anachipukuta ndi malaya, n'kuchizunguza kawiri kuti amve ngati chikuyendabe, kenako anachiika pamulu wa anzawo a kumsika. Anati chitsulo chimene sichikugwira ntchito chimadwala, bola chikapane matabwa a wina. Iwo anadzisiyira bokosi limodzi lokha, la hamala, sowo, pulena ziwiri, matchizulo ndi tepi, ndipo analikankhira pansi pa bedi mbali yawo.

Chimene sindinayembekezere chinali nkhanza za achemwali. Malo a pansi pa mzere anali ochepa, choncho zawo nazonso zinayenera kuweruzidwa. Tinawaika pakhonde. Ine ndinkakwera makwerero, kutsitsa chinthu, n'kuwaonetsa. Iwo ankanena mawu amodzi. Mayunifolomu a ana, "Apite." Makalendala, "Apite." Makapu makumi anayi ndi atatu, anasankha asanu ndi limodzi, a zogwirira zazikulu. Mbale za paukwati anaziyang'ana pang'ono n'kunena kuti, "Tidyere." Masana omwewo tinadyera m'mbale zimene zinadikira zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu.

Zinafika poti alamu ndiwo ankadandaulira katundu wa akazi awo.

"Mayi, nsalu iyi ndinakugulirani ine, titangobereka mwana woyamba."

"Munandigulira... sindinaikonde. Ipite."

Alamu anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kumbali, chifukwa ndikanaseka akanandithamangitsa. Nsaluyo inali yoipadi.

Pofika Lachisanu masana, m'khitchini ketulo, makapu, masamba ndi shuga zinali pakabati yofupika imene alamu anaidula miyendo. Zovala za achemwali zinali m'madirowa a pansi. Chipeso, magalasi ndi mankhwala zinali m'kabokosi kokhomedwa pambali pa bedi. Mashelefu a pamwamba anatsala opanda kanthu, ndipo alamu anawachotsa limodzilimodzi, akale ndi atsopano omwe, n'kuwaunjika kumpanda. Makoma anatsala ndi mabowo okhaokha. Munthu ukayankhula pabalaza, mawu ankamveka ngati uli m'nyumba yatsopano.

Koma achemwali sananene kuti asintha maganizo. Alamu sanawafunse, paja ndi munthu wosapempha kuyamikiridwa ntchito isanayesedwe. Ndinafunsa ndine, ndikutsanzika.

"Achemwali, mawa ndibwerebe ndi galimoto?"

"Ubwere," anatero.

Alamu anapitiriza kumata mabowo a m'khoma.

Loweruka ndinafika cha m'ma teni ndi pikapu, kuti tinyamule achemwali, chikuku ndi sutikesi. Alamu ndinawapeza pakhonde, atakhala pabenchi, manja onse atawakhalira.

"Andithamangitsa," anatero. "Ati ndisalowe mpaka aitane. Nawenso khala."

Ndinakhala. Kuchokera kukhitchini kunkamveka phokoso la matayala, kabati kutseguka, madzi kuthiridwa pang'onopang'ono ndi kajagi. Kenako zii. Kenako ketulo inayamba kulira. Tinadikira mphindi makumi awiri, makumi atatu. Woyendetsa pikapu anazimitsa injini n'kutsamira pachiwongolero. Mwadzidzidzi china chinagwa n'kusweka. Alamu anadzambatuka, mwendo umodzi uli kale pakhomo.

"Khalani pansi," anamveka mawu kuchokera m'kati, omveka bwino kuposa onse amene achemwali anayankhula chigwere.

Anakhala. Thukuta linali chuchuchu pamphumi ngati akucheka thabwa la mlombwa.

Patapita nthawi chikuku chinatulukira pakhomo, chikuyenda mwapang'onopang'ono. Pamikono yake panali thabwa la m'mphepete mokwera limene alamu anapanga dzulo lake, ndipo pathabwapo panali makapu atatu. Tiyi wina anali atatayikira panjira. Achemwali anapereka kapu yoyamba kwa ine, yachiwiri kwa amuna awo.

"Makapu... atsala asanu," anatero. "Ndasesa kale."

Tiyiyo anali atazizira, ndipo shuga anachuluka. Alamu anamwa yense osapumira, maso ali m'kapu, kuti tisawaone. Ine ndinamwa mwapang'onopang'ono, ndikudziwa kale zimene zikubwera. Komabe ndinafunsa, chifukwa nkhani yosafunsa imasiya munthu m'malere.

"Achemwali, sutikesi ili kuti?"

Analoza ndi chibwano mulu wa matabwa kumpanda kuja. "Wagalimoto... asabwerere chabe. Atenge awo."

"Nanga inu?"

"Ine... ndili ndi makapu otsuka."

Alamu anaika kapu pansi mosamala, n'kupita kumpanda. Woyendetsa anafuna kuwathandiza, iwo anamukaniza. Ananyamula okha mashelefu onse, awiriawiri paphewa, n'kuwasanja m'pikapu molongosoka, aatali pansi, aafupi pamwamba, n'kumanga ndi chingwe. Anauza woyendetsa sukulu imene ikusowa poika mabuku, kuti akawatsitse kumeneko. Mfundo ya chingwe anaimanga katatu isanagwire.

Ndinakwera kutsogolo ndekha. Zinandiwawa, chifukwa kwanga bedi linali loyala kale, ndipo ndinadziwa kuti madzulo ndidya ndekha monga masiku onse. Koma ndinakondwanso kwambiri, ndipo zonse ziwirizi zinakwana mumtima umodzi. Galimoto ikutembenuka ndinacheuka. Achemwali anali atabwerera m'kati ndi makapu awo. Alamu anali ataima pakhomo, mutu atauweramitsa pang'ono monga amachitira pa zitseko zonse, ndipo ndinawamva akufunsa.

"Mayi, ndilowe tsopano?"

Yankho linachedwa, ndipo iwo anadikira.